Mtima wa Mnzako ndi Tsidya Lina

Makolo athu akale adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Ukaima m'mphepete mwa mtsinje wodzaza umatha kuona utsi ukufuka kutsidyako, umamvanso tambala akulira, koma chimene chili mumphika suchidziwa. Zili chimodzimodzi ndi munthu mnzathu. Nkhope yake timaiona, mawu ake timawamva, koma maganizo ake palibe adawaonapo ndi maso. Komabe tsiku lililonse timanena mosakayika kuti uje wakwiya, uje akunama, uje alibe chidwi ndi mapemphero. Kodi timadziwa bwanji?

Funso limeneli lasautsa anthu a filosofi kwa zaka mazanamazana, ndipo kuyambira mu 1978 akatswiri a maganizo a munthu akhala akukonza mayeso ofuna kuona ngati mwana, nyama kapena makina angathe kumvetsa za mumtima mwa wina. Abambo ansembe, makolo okondedwa ndi inu anzanga a pano pa seminale, ndifuna ndikufotokozereni mayeso amenewa. Maganizo anga ndi akuti mayesowa ndi abwino ndipo adakonzedwa mwanzeru, koma phunziro lalikulu limene akutipatsa n'lakuti luso lathu loganizira mtima wa mnzathu n'lochepa kuposa mmene timadzitamira. Munthu amene adzakhale mbusa wa anthu ayenera kudziwa zimenezi msanga.

Tiyambe ndi anthu a filosofi. René Descartes wa ku France, m'buku lake la mu 1641, adafotokoza za munthu amene akusuzumira pawindo naona anthu akudutsa mumsewu. Malinga ndi iye, chimene maso akuona ndi zipewa ndi majasi basi, ndipo m'kati mwa zovalazo mukadatha kukhala makina oyenda okha. Tikamati amenewo ndi anthu, ndi nzeru zathu zimene zagamula, osati maso ayi. Kalekale Descartes asadabadwe, Augustine Woyera adali atapereka kale yankho limene ambiri amalitsatabe. Ine ndimadziwa kuti thupi langa limayenda chifukwa muli mzimu, tsono ndikaona thupi la mnzanga likuyenda ngati langa, ndimati nalonso lili ndi mzimu. John Stuart Mill wa ku England adaperekanso ganizo lofanana ndi lomweli mu 1865. Koma yankho limeneli lili ndi msampha wake. Ngati mnzanga ndimamudziwa pomufanizira ndi ine mwini, ndiye kuti kawirikawiri ndidzamuyesa ine wachiwiri. Zimene ndikudziwa ine ndidzayesa kuti nayenso akuzidziwa. Msampha umenewu muukumbukire, chifukwa tikumana nawonso kutsogoloku.

Mayeso enieni adayamba ndi nyama. Mu 1978 David Premack ndi Guy Woodruff a ku America adalemba za Sarah, amene adali chimpanzi, nyani wamkulu uja wa m'nkhalango za mu Afrika wofanana kwambiri ndi munthu. Adamuonetsa mafilimu afupiafupi a munthu amene ali pa vuto: wina akuyesetsa kufikira nthochi zimene zili patali, wina watsekeredwa m'khola akufuna kutuluka. Kenaka adampatsa zithunzi kuti asankhe. Nthawi zambiri Sarah ankasankha chithunzi cha chinthu chothetsa vutolo, monga kiyi wotsekulira kholalo. Akatswiri awiriwo adati zikuoneka kuti nyaniyu akumvetsa chimene munthuyo akufuna, ndipo luso limeneli adalitcha theory of mind m'Chingerezi, dzina limene likugwirabe ntchito mpaka pano.

Anthu a filosofi sadakhutire. Chaka chomwecho Daniel Dennett, Jonathan Bennett ndi Gilbert Harman, aliyense payekha, adaloza pamene padali pofooka. Mwina Sarah adangozolowera kuti kiyi amayendera limodzi ndi loko. Komanso ngati chimene nyaniyo akudziwa n'chimodzimodzi ndi chimene munthuyo akudziwa, tidziwa bwanji kuti akutiuza za mumtima mwa munthuyo osati za mumtima mwake? Choncho iwo adati mayeso abwino ndi oti woyesedwayo akhale akudziwa zoona, pamene winayo akukhulupirira zolakwika. Akatha kulosera zimene wosokerayo achite, ndiye kuti wasiyadi za m'mutu mwake n'kuganizira za m'mutu mwa wina.

Heinz Wimmer ndi Josef Perner adatenga nzeru imeneyi n'kuyesa ana a ku Austria, ndipo zotsatira zake adazifalitsa mu 1983. Ankawasewerera kanthano ndi tizidole. Mnyamata wina dzina lake Maxi waika chokoleti m'kabati ina n'kupita kukasewera panja. Iye kulibe, amayi ake atenga chokoleti chija, adulako pang'ono, chotsalacho aika m'kabati inanso. Maxi wabwera ndi njala. Funso kwa mwana woyesedwayo n'lakuti: kodi Maxi akafuna kuti chokoleti chake? Kwa ife yankho n'losavuta, akafuna pamene adasiya. Koma mwa ana a zaka 3 mpaka 4 padalibe ndi mmodzi yemwe amene adakhoza nthano zonse ziwiri zimene adapatsidwa. Mwa ana a zaka 4 mpaka 6 adakhoza ndi 57 pa 100 alionse, ndipo mwa a zaka 6 mpaka 9 adakhoza ndi 86 pa 100 alionse. Tiana tating'onoto tinkaloza pamene chokoleti chili tsopano, poti ito tidaona, ndiye tinkayesa kuti Maxi nayenso akudziwa. Ndi msampha uja tidaunena poyamba.

Makolo mungathe kuyesa nokha kunyumba. Akatswiri adagwiritsapo bokosi la maswiti a Smarties m'mene adaikamo mapensulo, koma bokosi la machesi likhoza kugwira ntchito yomweyo. Chotsanimo machesi muikemo nyemba. Mufunseni mwana wa zaka 3 kuti muli chiyani, adzati machesi. Mutsekulireni aone nyembazo, mutsekenso, ndipo mumfunse kuti agogo akabwera adzati muli chiyani. Ana ambiri a msinkhu umenewu amati nyemba. Chodabwitsa china adachipeza Alison Gopnik ndi Janet Astington ku Canada mu 1988: ambiri mwa anawa ukawafunsa chimene iwo eni ankaganiza bokosi lisadatsekulidwe, amatchula chimene achiona tsopano. Chimene adachidziwa kumene chimawaiwalitsa kuti padali nthawi imene sankachidziwa.

Wina anganene kuti izi n'za ana a azungu okha. Ayi ndithu. Mu 1991 Jeremy Avis ndi Paul Harris adafalitsa zimene adapeza pakati pa ana a mtundu wa Baka, anthu osaka nyama m'nkhalango za ku Cameroon. Kumeneko sadagwiritse zidole. Munthu wamkulu ankasiya chakudya chake m'mbale n'kuchokapo, mwana n'kuchibisa pena, kenaka n'kufunsidwa kumene mwini wake akachifune. Ana okulirapo, a zaka pafupifupi 5, ambiri adakhoza, pamene ocheperapo ambiri adalephera. Mu 2001 Henry Wellman ndi anzake awiri adasonkhanitsa kafukufuku 178 wa m'maiko osiyanasiyana, napeza kuti ngakhale msinkhu umasiyanako dziko ndi dziko, ana amayamba ndi kulephera n'kumakhoza akamakula.

Mpaka apa ndikugwirizana nawo akatswiriwa. Koma pali zolakwa ziwiri zimene munthu angagwemo akamva nkhani imeneyi, ndipo zonse ziwiri zikutikhudza.

Cholakwa choyamba ndi kuganiza kuti amene walephera mayeso ndiye kuti mumtima mwake mulibe kanthu. Mu 1985 ku London, Simon Baron-Cohen, Alan Leslie ndi Uta Frith adayesa ana ndi zidole ziwiri, Sally ndi Anne. Sally waika kampira kagalasi m'dengu lake n'kutuluka, Anne wakachotsa n'kukaika m'bokosi lake. Mwa ana 27 opanda vuto lililonse adakhoza 23. Mwa ana 14 obadwa ndi Down syndrome adakhoza 12. Koma mwa ana 20 okhala ndi autism, chibadwa chimene chimachititsa kuti munthu azivutika kucheza ndi kulankhulana ndi ena monga achitira ambiri, adakhoza 4 okha. Zotsatira zimenezi zidathandiza madokotala ndi aphunzitsi kumvetsa mavuto a anawa. Tsoka ilo, anthu ena adayamba kulankhula ngati kuti anthu a autism alibe chifundo kapena sasamala za anzawo, chinthu chimene mayesowo sadayese n'komwe. Mu 2012 Damian Milton wa ku Britain, amene iye mwini ali ndi autism, adafunsa funso loluma: ngati anthu awiri sakumvana, bwanji mlandu ukugwera mmodzi yekha? Anthu opanda autism nawonso amalephera kumvetsa za mumtima mwa munthu wa autism, koma iwo palibe amawakhazika pa mayeso.

Ngakhale pa tiana, kulephera kuyankha si umboni wokwanira. Mayeso a Maxi amafuna kuti mwana amve bwino chinenero, akumbukire nthano yonse, adziletsenso kuloza chimene akuchidziwa. Mu 2005 Kristine Onishi ndi Renée Baillargeon adayesa makanda a miyezi 15 popanda kuwafunsa funso, kungoyeza nthawi imene akuyang'ana. Adapeza kuti makandawo ankayang'anitsitsa, ngati odabwa, munthu akapisa dzanja pamene chidole chili pomwe iye sadaone chikusunthidwa. Mu 2016 Christopher Krupenye, Fumihiro Kano ndi anzawo adayesa anyani akuluakulu ku Japan ndi ku Germany potsata kumene maso awo akuyang'ana, napeza kuti ambiri ankayang'aniratu pamene munthu wonamizidwayo akafune. Koma mu 2018 magulu angapo adalengeza kuti atabwereza mayeso ena a makanda sadapeze zomwezo, kotero mkangano udabukanso. Ngati akatswiri okhala ndi makina amasamala chonchi asadagamule, nanga ife amene timagamula za mnzathu pongomuona kuti sakuseka pa nthawi ya masewera?

Cholakwa chachiwiri ndi kuganiza kuti amene wakhoza mayeso ndiye kuti wafikapo. Mu 2023 Michal Kosinski wa ku Stanford adalengeza kuti mapulogalamu a kompyuta oyankha mafunso akukhoza mafunso a mtundu wa Maxi. Chaka chomwecho Tomer Ullman wa ku Harvard adangosintha pang'ono nthano ina. Idali ya thumba lodzaza mbuliwuli koma lolembedwa kunja kuti chokoleti. Iye adawonjezapo kuti thumbalo n'loonekera m'kati, ndipo pulogalamu imene adaiyesa idapitirizabe kunena kuti munthu woliona akhulupirira kuti muli chokoleti. Yankho lolondola lingachokere ku kumvetsa, lingachokerenso ku kuloweza, monga tonse a m'kalasi tidziwira.

Komanso tisaiwale kuti luso limeneli palokha si ubwino. Kodi wabodza amatha bwanji kunama? Amatha chifukwa amadziwa kuti mnzake angakhulupirire chimene sichili choona. Tambwali wobera agogo ndalama pa msika angakhoze mayeso a Sally ndi Anne onse osaphonyako. Kudziwa za mumtima mwa mnzako kuli ngati mpeni, wina asendera mbatata, wina abayira munthu. Mayesowa amayesa kuthwa kwa mpeni, sayesa dzanja limene laugwira.

Choopsa kwambiri n'chakuti ngakhale akuluakulu sadatulukiretu mu msampha wa tiana tija. Mu 2003 Boaz Keysar ndi anzake a ku Chicago adayesa anthu akuluakulu motere. Munthu ankapatsidwa tepi yomatira kuti aibise yekha m'kathumba, mnzake asakuona. Pa tebulo padali zinthu zina, kuphatikizapo tepi ya kaseti imene onse awiri ankaiona. Mnzakeyo akanena kuti suntha tepi, n'zachidziwikire kuti akunena ya kaseti, poti inayo saidziwa. Komabe ambiri mwa oyesedwawo, kamodzi kapena kangapo, adatambasulira dzanja ku chinthu chobisika chija. Ankadziwa bwinobwino kuti mnzawo sadachione, koma pa changu chimene adachidziwa okha ndi chimene chidatsogola.

Kodi si zomwezi zimene zimachitika pakati pathu? Mnyamata wa Fomu 1 wangofika kumene, belu lalira, iye sakudziwa kuti n'la ku tchalitchi kapena la ku ntchito zamanja. Amene takhalitsa timamuyesa wamwano kapena wopusa, chifukwa tidaiwala kuti ifenso tsiku lina sitinkadziwa. Tafanana ndi mwana uja woiwala kuti adanenapo kuti machesi. Wina wakhala chete sabata yathunthu, timati wayamba kunyada, chonsecho mwina walandira uthenga woti amayi ake agonekedwa m'chipatala. Wina wasiya seminale, kumudzi nkhani yatha kale kugamulidwa: ena ati ndi ulesi, ena ati ndi atsikana. Ndi angati amakhala naye pansi n'kumufunsa?

Pamenepa wina anganene kuti mankhwala ake ndi kudziyesa kuti ndiwe mnzakoyo, kuganiza mmene ukadamvera ukadakhala iye. Malangizo amenewa timawamva kawirikawiri, ndipo amafewetsa mtima. Koma kodi amathandiza kudziwa zoona? Mu 2018 Tal Eyal, Mary Steffel ndi Nicholas Epley adafalitsa zotsatira za mayeso 25 ofufuza funso lomweli. Anthu ena ankauzidwa kuti adziyese kuti ndi mnzawoyo asadalosere maganizo ake, ena sankauzidwa kanthu. Amene adauzidwawo sadapose anzawo pa kulondola, ndipo nthawi zina adachepekedwa pang'ono. M'mayeso otsiriza adatenga anthu okwatirana kapena okhala pa chibwenzi, ena mwa iwo n'kuwalola kuti ayambe afunsa mnzawoyo maganizo ake. Amenewa okha ndiwo adalondola kwambiri. Ngakhale mwamuna ndi mkazi ogona nyumba imodzi amadziwana bwino akafunsana kusiyana ndi kungoganizirana. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti Eklezia adaphunzitsa kale zimenezi. Ignatius Woyera wa ku Loyola, koyambirira kwa buku lake lotsogolera mbindikiro, adalangiza kuti mkhristu azifulumira kumva mawu a mnzake mokomera kusiyana ndi kuwatsutsa, ndipo zikakanika amufunse mwini wake chimene akutanthauza. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa mu 1992 adabwereza langizo limeneli pa ndime 2478, pochenjeza za tchimo loweruza mnzako mopupuluma. Tilinso ndi Edith Stein, mayi wa filosofi wobadwira m'banja la Chiyuda, amene mu 1916 adalandira digiri yake yaukachenjede ku Freiburg pa nkhani yomweyi ya kumvetsa za mumtima mwa wina, motsogozedwa ndi Edmund Husserl. Adabatizidwa mu 1922, adalowa chipani cha asisitere a Karmeli mu 1933, adaphedwa ku Auschwitz mu 1942, ndipo Papa John Paul II adamulengeza kuti ndi woyera mu 1998. Iye adaphunzitsa kuti chisoni cha mnzanga ndimachizindikiradi pa nkhope yake ndi m'mawu ake, koma chimakhalabe chake, sichisanduka changa. Tsono sindili wakhungu pamaso pa mnzanga, komanso sindingadzitame kuti ndalowa mumtima mwake.

Taganizirani za sakramenti la kulapa. Wansembe sakhala m'menemo kuti azilosera machimo a munthu poona kavalidwe kake. Amadikira, amamvetsera, ndipo pofunika amafunsa modekha. Ndi Mulungu yekha amene amaona mtima popanda kufunsa. Ife amene tikulakalaka kudzakhala pa mpando umenewo, kodi tidzatha bwanji kumvetsera mlimi, namfedwa kapena mkaidi, ngati lero sitingathe kumvetsera mnzathu wogona bedi loyandikana nalo lathu?

Ndikudziwa kuti pali chotsutsa champhamvu. Munthu ukamufunsa akhoza kukunamiza, kapena kungoti ndili bwino pamene zinthu sizili bwino. Kwathu kuno mwana amaphunzitsidwa kusachulutsa mawu pamaso pa akulu, ndiye kufunsa kokha sikutsekula pakamwa. Komanso abambo otiphunzitsa ali ndi udindo wogamula za maitanidwe athu, sangangodalira zimene tikunena, ayenera kuonanso ntchito zathu. Zonsezi n'zoona. Koma kuvuta kwa kufunsa sikusandutsa kungoganizira kukhala njira yabwino. Kumangotanthauza kuti kufunsa kumafuna nthawi, malo oyenera ndi chinsinsi. Munthu amene akudziwa kuti mawu ake mawa adzamveka m'chipinda chodyera sangaulule kanthu. Amene wafunsidwa ndi mawu oonetsa kuti mlandu wagamulidwa kale sangavutikenso kuyankha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono pempho langa nali. Anzanga, tisanamutche mnzathu dzina, tiyambe tadzifunsa funso la Maxi lija: kodi iyeyu waona zimene ndaona ine? Kodi akudziwa zimene ndikudziwa ine? Nanga n'chiyani chimene akudziwa iye chimene ine sindikuchidziwa? Tikatero tipite tikamufunse, patokha, opanda gulu. Abambo ansembe, mwana salangiza akulu, koma ndikupemphani kuti mupitirize kutipatsa mpata wofotokoza mbali yathu, ngakhale pamene nkhani ikuoneka yodziwikiratu. Makolo athu, tikabwera ku tchuthi musangoona malipoti a mayeso ndi kunenepa kwa masaya. Mutifunse mmene mtima ukumvera pa ulendo umene tidauyambawu, ndipo mulole kumva yankho limene simunaliyembekezere. Akatswiri aonetsa kuti mwana amafika zaka 4 kapena 5 asanathe kunena kuti mnzake angaganize zosiyana ndi zake. Kuzolowera kufunsa m'malo mongoganizira kumatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo, ndiye ndi bwino tiyambiretu tikadali pano pa seminale. Paja safunsa adadya phula.